Mwini Mpira Si Mwini Masewero

Aliyense amene anakulira pabwalo la masewero amamudziwa mwini mpira. Ameneyu ndi mnyamata uja amene, chifukwa chakuti mpira ndi wake, amafuna kusankha yekha osewera a mbali yake, amakana chigoli chimene chalowa anthu onse akuona, ndipo amaopseza kuti akapanda kumveredwa anyamula mpira wake napita kwawo. Anzake amamupirira kwa masiku angapo, koma limafika tsiku limene amatopa naye. Amatola mapepala ndi zingwe, namanga mpira wina, nakayamba masewero awo pabwalo lina. Tsono funso ndi ili: wolakwa ndani, uja wofuna kulamula anzake chifukwa cha chuma chake, kapena aja amene amusiya yekha ndi mpira wakewo?

Funso limeneli likuoneka lachibwana, koma m'chaka cha 2020 linagawanitsa anthu akuluakulu a m'maiko ambiri, ndipo linakhudza chuma cha madola mamiliyoni ochuluka. M'chaka chimenecho gulu la anthu amene ankagwiritsa ntchito kaundula wa pa intaneti wotchedwa Steem linapatuka n'kuyambitsa kaundula wina wotchedwa Hive, ndipo masewero otchuka a makadi otchedwa Splinterlands anasamukira komweko pamodzi ndi osewera ake. Alipo ena amene mpaka lero amati opatukawo anali oukira, osayamika ndiponso akuba. M'chimangirizo chino ndikuwatsutsa anthu oterowo. Ndikunena mosapsatira kuti masewero ndi a anthu owasewera, ndipo pamene munthu wachuma afuna kugula ulamuliro wa masewerowo, kupatuka ndi ufulu umene osewera ayenera kuuteteza.

Tisanapite patali, tiyeni timvetse chinthu chimene chimatchedwa blockchain. Ameneyu ndi kaundula wa pa makompyuta amene salembedwa ndi mlembi mmodzi kapena kusungidwa m'nyumba imodzi. Makompyuta ambiri, omwazikana m'maiko osiyanasiyana, amasunga kaundula yemweyo mofanana, ndipo tsamba lililonse latsopano limalumikizidwa ku tsamba lapitalo mwanjira yakuti munthu sangafufute kapena kusintha zolembedwa zakale popanda anzake kuzindikira. Kaundula woyamba wa mtundu umenewu ndi wa Bitcoin, amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009. M'kaundula wotere mumalembedwa kuti wakuti ali ndi ndalama zingati, wakuti wapatsa wakuti chiyani, ndipo ngati ndi pa masewero, mumalembedwanso kuti khadi lakuti mwini wake ndi yani.

Malamulo oyendetsera kaundula ameneyu amalembedwa m'pulogalamu ya kompyuta imene munthu aliyense ali ndi ufulu woiwerenga ndi kuikopera. Choncho gulu lina likasemphana maganizo ndi linzake, limatha kutenga kaundula yense monga mmene alili pa tsikulo, kusintha malamulo ena, ndi kupitiriza kulemba masamba akeake. Kuyambira pamenepo pamakhala akaundula awiri okhala ndi mbiri imodzi yakale koma tsogolo losiyana, monga nthambi ziwiri zophuka pathunthu limodzi. Uku ndiye kupatuka kumene tikunena. Mfundo yofunika kuigwiritsitsa ndi yakuti nthambi yatsopano ikaphuka, yakale ija sithyoka. Imakhalapobe, ndipo zonse zolembedwamo zimakhala mmene zinalili. Mfundo imeneyi tidzaifuna kutsogoloku.

Kodi n'chifukwa chiyani osewera anakopeka ndi kaundula wotere? Yankho tingalipeze m'nkhani ya Vitalik Buterin, mmodzi mwa amene anayambitsa Ethereum. Iye anasimba yekha kuti anasewera World of Warcraft kuyambira 2007 mpaka 2010, kufikira pamene kampani ya Blizzard, mwini masewerowo, inachepetsa mphamvu imodzi ya munthu wam'masewero amene iye ankamukonda. Kampaniyo sinafunse osewera, ndipo osewerawo analibe kodandaula. Apa mpamene mnyamatayo anazindikira kuopsa kwa chinthu chimene anthu ambiri amachidalira koma makiyi ake ali m'thumba la munthu mmodzi. Lonjezo la masewero a pa blockchain linali lakuti zimene wosewera wapeza ndi thukuta lake kapena ndalama zake zidzakhala zakezake, ndipo palibe bwana amene adzadzuke m'mawa n'kumulanda.

Kaundula wa Steem anayamba m'chaka cha 2016, ndipo amene anali patsogolo anali Ned Scott ndi Dan Larimer, kudzera m'kampani yawo ya Steemit Inc. Masamba a kaundulayu ankalembedwa pa masekondi atatu alionse ndi anthu osankhidwa otchedwa mboni. Pa ulendo uliwonse mboni zinkakhala 21: mboni 20 zimene zapeza mavoti ambiri, ndi imodzi yotengedwa mosinthanasinthana pakati pa zotsalazo. Kuti malamulo aakulu asinthe pankafunika kuti mboni 17 zigwirizane. Koma chisankhochi sichinali cha munthu mmodzi voti imodzi. Kulemera kwa voti kunkayendera kuchuluka kwa ndalama za STEEM zimene munthu wamangirira m'kaundulamo, ndipo munthu mmodzi ankaloledwa kuvotera mboni zokwana 30. Woganiza bwino aona kale pamene pali chibowo: munthu wokhala ndi ndalama zoposa za anzake akanatha kusankha yekha mboni zonse 20.

Pa kaundula ameneyu mpamene Jesse Reich ndi Matthew Rosen anayambitsa masewero a Steem Monsters m'chaka cha 2018, amene pambuyo pake anatchedwa Splinterlands. Pa masewerowa wosewera amasonkhanitsa makadi a zilombo ndi ankhondo a mphamvu zosiyanasiyana, nasanja gulu lake kuti lilimbane ndi la mnzake. Makadiwo amatha kuwagulitsa, kuwabwereketsa kapena kupatsa mnzake. Anthu anataya nthawi yawo ndi ndalama zawo pa masewerowa, anapanga magulu, anachititsa mipikisano, naphunzitsana machenjerero. Phindu la makadiwo linachokera kwa anthu amenewa, pakuti khadi limene palibe wofuna kulisewera ndi chithunzi chabe.

Vuto linagona pa mulu waukulu wa ndalama za STEEM umene kampani ya Steemit Inc inadzikundikira m'masiku oyambirira, anthu ambiri asanadziwe n'komwe za kaundulayo. Muluwo unali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zonse. Anthu a pa Steem ankamvetsa kuti ndalamazo ndi zotukulira kaundulayo, ndipo kwa zaka zingapo kampaniyo sinazigwiritse ntchito posankha mboni. Koma kumvana kumeneku kunali kwapakamwa. M'pulogalamu munalibe lamulo loletsa. Pa 14 Febuluwale 2020 kunamveka kuti Justin Sun, mkulu wa Tron Foundation, wagula kampaniyo pamodzi ndi mulu uja. Poopa kuti mwini watsopanoyo angagwiritse ntchito ndalamazo kulanda ulamuliro, mboni zinagwirizana m'mwezi womwewo kuika lamulo la kanthawi lotsekereza muluwo kuti usavote kapena kusunthidwa kufikira atakambirana.

Sun anaona kuti ufulu wake pa chuma chimene anagula waphwanyidwa, ndipo anabwezera. Pa 2 Malichi 2020 misika itatu yosinthira ndalama za pa intaneti, Binance, Huobi ndi Poloniex, inamangirira ndalama za STEEM zimene anthu wamba anasungitsa kumeneko, nizigwiritsa ntchito povota. M'kanthawi kochepa mboni zonse 20 zosankhidwa ndi anthu zinachotsedwa, ndipo m'malo mwake munalowa zina zogwirizana ndi mwini watsopano wa Steemit Inc. Eni ndalamazo sanafunsidwe. Popeza ndalama yomangiriridwa inkatenga masabata 13 kuti imasuke yonse, iwo anapezeka kuti chuma chawo chatsekeredwa pa nkhondo imene sanaiyambe. Njovu ziwiri zikamamenyana umavutika ndi udzu. Anthu atakwiya, Binance ndi Huobi zinachotsa mavoti awo, ndipo mkulu wa Binance, Changpeng Zhao, anafotokoza kuti iwo ankaganiza kuti akuthandiza pa kukonza wamba kwa pulogalamu.

Kwa masabata awiri ndi masiku angapo mbali ziwirizi zinakokanakokana pa mavoti. Potsiriza, pa 20 Malichi 2020, gulu lalikulu la mboni zakale, akatswiri a mapulogalamu ndi anthu wamba linapatuka n'kuyambitsa Hive. Linakopera kaundula yense wa Steem, kotero kuti munthu amene anali ndi ndalama 100 za STEEM anapezekanso ali ndi 100 za HIVE, pa dzina lomwelo ndi makiyi omwewo. Koma mulu uja wa Steemit Inc sunapatsidwe kwa mwini wake pa Hive. Unaikidwa m'thumba la chitukuko limene anthu amavotera kagwiritsidwe ntchito kake. Mu Juni chaka chomwecho masewero a Splinterlands anasamukira ku Hive, ndipo osewera anapitiriza ndi makadi awo.

Imeneyi ndiyo mbiri yake. Tsopano tiyeni tiwayankhe otsutsa. Choyamba iwo amati: munthu anagula chinthu ndi ndalama zake, nanga mukumuletsa bwanji kuchita nacho zimene akufuna? Ine ndikufunsa kuti, anagula chiyani? Anagula kampani, mayina ake a malonda ndi ndalama zimene inali nazo. Sanagule anthu. Sanagule ubwenzi wa osewera, kapena maola amene akatswiri anagwira ntchito usiku, kapena chikhulupiriro chimene chinachititsa kuti ndalama ya STEEM ikhale ndi mtengo. Zinthu zimenezi sizinali za Ned Scott kuti azigulitse, choncho sizikanakhala za Justin Sun atazigula. Munthu akhoza kugula mpira, mapolo ndi ukonde womwe, koma miyendo ya osewera siigulika. Tsiku limene osewerawo achoka, iye amatsala ndi chikopa chodzaza mpweya.

Chachiwiri, otsutsa amati opatukawo akanayenera kukhala n'kumenyera nkhondo yawo m'katimo, popeza njira ya chisankho inalipo. Mfundo imeneyi ikanakhala yomveka chisankhocho chikanakhala chachilungamo. Katswiri wa zachuma Albert Hirschman, m'buku lake la m'chaka cha 1970, anaphunzitsa kuti munthu wosakhutira ndi bungwe ali ndi njira ziwiri: kulankhula kapena kutuluka. Anthu a pa Steem anayamba ndi kulankhula. Anakambirana, anavota, anakopa anzawo kuti avote. Koma kodi mawu a munthu wamba angamveke bwanji pamene mavoti a anthu zikwizikwi angafafanizidwe ndi dzanja limodzi, ndipo dzanjalo likugwiritsa ntchito ngakhale ndalama za anthu amene sanavomereze? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pamene woweruza, mlonda ndi wosewera ali munthu mmodzi, kuuza anthu kuti apitirize kusewera mwaulemu ndi kuwauza kuti apitirize kugonja.

Chachitatu, ndipo apa mpamene otsutsa amakweza mawu kwambiri, amati kumana Steemit Inc gawo lake pa Hive kunali kuba. Tikumbukire mfundo ija tinaisunga: nthambi yatsopano ikaphuka, yakale sithyoka. Pa tsiku limene Hive inabadwa, mwini Steemit Inc sanataye ngakhale ndalama imodzi ya STEEM. Zonse zimene anagula zinali pomwepo, pa kaundula amene anagulirapo. Chimene sanalandire ndi ndalama yatsopano, ya kaundula watsopano, wopangidwa ndi anthu amene anali kumuthawa iyeyo. Kodi anthu othawa moto ali ndi mangawa onyamula chikuni choyaka kupita nacho ku nyumba yatsopano? Akanamupatsa mulu womwewo pa Hive, akanangosamutsa vuto lawo, ndipo tsiku lotsatira mboni zawo zikanachotsedwanso. Ngati mtengo wa chuma chake unadalira anthu amene anachokawo, umenewo ndi umboni wakuti phindu linali mwa anthuwo kuyambira pachiyambi.

Wofuna kuona kusiyana kwa kupatuka ndi kulanda ayang'ane zimene zinachitika miyezi iwiri pambuyo pake. Mu Meyi 2020 mboni zatsopano za Steem zinasintha malamulo a kaundulayo n'kuchotsa ndalama za STEEM zokwana 23.6 miliyoni m'maakaunti 64, ambiri mwa iwo a anthu ogwirizana ndi Hive. Apa sipanaphuke nthambi yatsopano ayi. Ndalama zimene munthu anali nazo dzulo pa kaundula yemweyo, lero zinali zitachoka. Kumeneku ndiye kulowa m'nkhokwe ya mnzako. Ndipo mchitidwe umenewu unatsimikiza kuti mantha a opatuka aja sanali maloto. Wosewera aliyense wa Steem Monsters anali ndi chifukwa chodzifunsa kuti, ngati ndalama zingachotsedwe chonchi, nanga makadi anga ali pabwino? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komabe chilungamo chimafuna kuti tisabise banga la opatukawo. Kuwonjezera pa mulu wa Steemit Inc, iwo anamananso ndalama za HIVE maakaunti ena a anthu amene anavotera mboni za mbali ya Sun. Ichi sichinali chabwino. Munthu wovota ndi ndalama zakezake, ngakhale atavota mopusa, wagwiritsa ntchito ufulu womwewo umene opatukawo ankati akuuteteza. Kulanga munthu chifukwa cha voti yake ndi kutengera khalidwe la mwini mpira uja. Koma banga limeneli silisandutsa kupatuka konse kukhala tchimo, monga mmene nsabwe imodzi siichititsa munthu kutentha chovala chake chonse. Limangotiphunzitsa kuti ngakhale wolakwiridwa ayenera kusamala mmene akugwirira mpeni.

Chachinayi, alipo amene amatikumbutsa nzeru za makolo: mutu umodzi susenza denga, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Amati kugawikana kumafooketsa onse, ndipo masewero ogawika pakati amatsala ndi osewera ochepa mbali zonse. Miyambi imeneyi ndi yoona, koma imanena za anthu osenza denga limodzi mogwirizana. Sinena za munthu amene wakwera padengapo kuti anzake amusenze pamodzi ndi dengalo. Makolo omwewo amene anatisiyira miyambiyi ankadziwanso kuti mudzi ukakula ndipo mikangano ikachuluka, mwini mbumba amatha kutenga alongo ake ndi ana awo n'kukamanga mudzi wina. Midzi yambiri inabadwa motero, ndipo kudziwa kuti anthu angathe kumuchokera kunkachititsa nyakwawa kuweruza mosamala. Umodzi umene munthu sangatulukemo ndi ndende.

Mbiri ya masewero enieni ikuchitira umboni mfundo imeneyi. Ku England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, osewera ambiri a rugby a kumpoto anali anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Akapita kukasewera Loweruka ankataya malipiro a tsikulo. Matimu awo anapempha kuti aziloledwa kuwabwezera ndalama zotayikazo, koma akuluakulu a bungwe la Rugby Football Union, ambiri a iwo anthu opeza bwino, anakana. Pa 29 Ogasiti 1895 matimu ena a kumpotowo anakumana ku George Hotel m'tauni ya Huddersfield napatuka. M'kupita kwa nthawi anasintha malamulo, nachepetsa osewera kuchoka pa 15 kufika pa 13, ndipo masewero awo ndi amene lero amatchedwa rugby league. Akuluakulu aja anawatcha oukira, nawasala kwa zaka zambiri. Koma m'chaka cha 1995, patatha zaka 100, rugby union nayonso inavomereza kulipira osewera. Nthambi zonse ziwiri zilipo mpaka lero. Ndani tsono angaimirire n'kunena kuti anthu a m'migodi aja analakwa?

Chachisanu, pali kagulu ka akatswiri kamene kamati pa blockchain pulogalamu ndiyo lamulo, ndipo chilichonse chimene pulogalamu yalola ndi chololedwa. Kwa iwo, popeza pulogalamu ya Steem inkalola mulu uja kuvota, palibe amene analakwa pouvotetsa. Maganizo amenewa anayesedwa kale m'chaka cha 2016 pa Ethereum. Anthu anasonkha ndalama zokwana pafupifupi madola 150 miliyoni m'thumba lotchedwa The DAO, ndipo mu Juni chaka chimenecho munthu wina anapeza chibowo m'pulogalamu yake napatutsa ndalama za ether pafupifupi 3.6 miliyoni. Pulogalamu inamulola. Kodi tinene kuti sanabe? Anthu ambiri anakana, ndipo pa 20 Julayi 2016 anasintha malamulo kuti ndalamazo zibwerere kwa eni ake. Ochepa amene anakana kusinthako anapitiriza ndi kaundula wakale, amene amatchedwa Ethereum Classic.

Taonani chodabwitsa apa: ngakhale aja onena kuti pulogalamu ndiyo lamulo anapulumutsidwa ndi ufulu womwewo wa kupatuka, pakuti popanda ufuluwo akanakakamizidwa kutsata ambiri. Ndiponso, ngati chilichonse chimene pulogalamu yalola ndi chololedwa, ndiye kuti kukopera kaundula wa Steem n'kuyambitsa Hive nakonso n'kololedwa, chifukwa pulogalamu yomweyo inaperekedwa poyera kuti aliyense aikopere. Mfundo yawo ikuwadya okha. Choona ndi chakuti pulogalamu imalembedwa ndi anthu, ndipo anthu amaiwala, amalakwitsa, amasiya zibowo. Pamwamba pa pulogalamu iliyonse pali pangano la anthu oigwiritsa ntchito. Chitseko chosakhoma sichipatsa munthu wodutsa chilolezo cholowa m'nyumba.

Sindikunena kuti kupatuka kulikonse ndi kwabwino. Kulipo kupatuka kwa dyera, kumene munthu amayambitsa nthambi yake kuti akhale mfumu kapena kuti agulitse ndalama yatsopano kwa anthu osadziwa. Kuliponso kupatuka kosatha, kumene opatuka amapatukananso: Bitcoin Cash inachoka ku Bitcoin pa 1 Ogasiti 2017, ndipo mu Novembala 2018 nayonso inagawika, n'kubadwa Bitcoin SV. Wosewera wothamangira nthambi iliyonse yatsopano akumbukire kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Choncho tiyenera kukhala ndi muyeso. Kupatuka koyenera kumabwera pamene njira zokambirana zayesedwa n'kulephera. Kumachitika poyera, tsiku lake ndi malamulo ake zitalengezedwa, kuti aliyense asankhe yekha kotsata. Kumasiya nthambi yakale ili chilili, osaononga kapena kulanda za otsalira. Ndipo kumakonza vuto limene linayambitsa mkangano. Tikaika Hive pa muyeso umenewu, ikupambana pa zambiri, ngakhale inapunthwa pa nkhani ya ovota aja.

Pa mfundo yotsirizayi, ya kukonza vuto, a Hive anachitapo kanthu. Mu Okutobala 2020 anaika lamulo lakuti ndalama zimene zangomangiriridwa kumene zidikire masiku 30 zisanayambe kuwerengedwa posankha mboni. Ndi lamulo limeneli, chiwembu chonga cha pa 2 Malichi sichingachitike mwadzidzidzi, chifukwa anthu amakhala ndi mwezi wathunthu woona zimene zikubwera. Umu ndi mmene anthu ophunzira pa mavuto awo amachitira. Koma tisanamizane: pa Hive voti imalemerabe molingana ndi chuma cha wovota, ndipo masewero a Splinterlands, ngakhale amalemba zochitika zake m'kaundula wa anthu onse, amadalirabe kampani imene inawapanga ndi makompyuta ake. Ndalama zoterezi mitengo yake imakwera ndi kugwa mosayembekezeka, ndipo ambiri ataya chuma poganiza kuti masewero ndi munda. Kupatuka kunachotsa mwini mpira mmodzi. Sikunathetse mphamvu ya ndalama pa masewero.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuumirira kuteteza ufulu umenewu ngati suchiritsa matenda onse? Chifukwa chake n'chakuti ufulu wa kupatuka umagwira ntchito ngakhale pamene sunagwiritsidwe ntchito. Mtsogoleri kapena wachuma amene akudziwa kuti anthu angathe kunyamula mbiri yawo, mayina awo ndi makadi awo n'kumusiya, amaganiza kawiri asanapondereze. Wogula wina aliyense amene lero angafune kugula gulu la anthu pogula kampani yawo ali ndi chitsanzo cha Steem patsogolo pake. Pa masewero akale a pa kompyuta, wosewera wokhumudwa ankatuluka chimanjamanja, monga anachitira Buterin mu 2010. Anthu a mu 2020 anatuluka ndi katundu wawo pamutu. Kusiyana kumeneku ndiko chinthu chachikulu chimene luso la blockchain labweretsa pa masewero, ndipo amene amanyoza kupatuka akunyoza chinthu chokhacho chimene chimasiyanitsa wosewera ndi mlendi.

Inu ophunzira amene mukuwerenga chimangirizo chino mudzalowa m'magulu ambiri pa moyo wanu: matimu a masewero, makalabu, mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo ena a inu masewero a pa intaneti onga amene tafotokozawa. Safunsa anadya phula. Musanaikemo nthawi yanu kapena ndalama zanu, funsani mafunso atatu. Kodi malamulo angasinthidwe ndi yani? Kodi mawu anga amawerengedwa motani poyerekeza ndi a munthu wachuma? Kodi zinthu zikaipa, ndingatuluke ndi chiyani? Gulu limene likulephera kuyankha funso lachitatuli mosabisa likupempha kuti mulikhulupirire popanda chikole. Ndipo tsiku lina mukadzakhala inu atsogoleri, anthu ena n'kukuuzani kuti akufuna kupatuka, musadzathamangire kuwatcha oukira. Mudzayambe mwadzifunsa chimene mwachita kuti anthu asankhe kuyamba pachabe m'malo mokhala nanu.